Mwendo wa Kalilu pa Msonkhano wa Paboma

Kalilu adali msodzi wa ku Nkhunga, munthu wa chifuwa chachikulu amene ankakoka ukonde ngati anthu awiri. Ng'ona idamugwira m'mawa wina mkati mwa dzinja, akukankha bwato lake m'bango pamene kamtsinje ka kwawo kamathira m'nyanja. Anzake adaimenya ndi nkhafi mpaka idamusiya, koma mwendo wamanzere udali utang'ambika kuyambira pabondo mpaka pakakolo.

Adamugoneka pachitseko, nathamanga naye ku kachipatala ka m'deralo. Kachipatalako kadali ndi zipinda ziwiri ndi munthu mmodzi yekha wodziwa mankhwala, bambo Lazaro. Anthu onse ankawatchula adokotala, ngakhale eni ake ankakana, amvekere iwo ndi wothandizira chabe. Bambo Lazaro adatsuka bala lija, adalimanga, magazi nkuleka. Atatero adalowa chipinda chinacho nkukhala pa wailesi yolankhulirana ndi zipatala zina. Khoma la pakati silinkafika kudenga, choncho Kalilu ankamva mawu onse ali chigonere.

Apaboma adayankha kuti mtsinje wa Bua wasefukira, wakokolola msewu mbali zonse ziwiri za mlatho, ambulansi singawoloke. Adikire madzi aphwe.

Msewu wopita kumpoto udali wabwinobwino. Bambo Lazaro adaitana chipatala cha kumeneko. Adawayankha mwaulemu ndithu kuti galimoto ilipo, dalaivala alipo, koma mafuta ake ndi a odwala a chigawo cha Kumpoto. Nkhunga ndi chigawo cha Pakati. Kuti galimotoyo idutse malire pafunika chilolezo cha kulikulu. Kulikulu nako adati wopereka chilolezo wapita kumaliro, abwera mawa. Mawa lake adati sadabwerebe.

Mwendo uja udayamba kununkha. Madzi ataphwa ambulansi idabweradi, ndipo paboma adaudula pamwamba pa bondo.

Kalilu adabwerera kumudzi ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Panyanja sadapitenso. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango nkumasoka maukonde a anzake, anthu amene iye yemwe adawaphunzitsa kupalasa. Ashehe adabwera kudzamupepesa, namuuza kuti zonse zimachitika mwa chifuniro cha Allah, iye nkuvomera. Ng'ona sankayikwiyira ayi. Ng'ona idali ndi njala basi. Chimene chinkamuwotcha mumtima ndi mawu a m'wailesi aja, mawu odekha, aulemu, a anthu amene adali atadya kale.

Chilimwe chitafika, bambo Lazaro adatulukira pakhomo ndi njinga yawo. Rukiya, mkazi wa Kalilu, adawayalira mkeka.

"A Kalilu, ndabwera ndi nkhani," adayamba motero atapatsana moni. "Lachiwiri kuboma kuli msonkhano waukulu. Kukubwera akuluakulu a kulikulu kudzakonza za zipatala zonse za m'mbali mwa nyanja muno. Ine ndikufuna ndikapemphe zinthu ziwiri. Ambulansi imodzi izikhala tsidya lino la Bua. Ndipo zikavuta, tiziloledwa kutumiza wodwala kumpoto popanda kudikira chilolezo. Koma ndikapita ndekha akangoti ndi mawu a Lazaro. Tiyeni tipitire limodzi."

"Ndikatani ine kumeneko?"

"Mukanene zimene zinakuchitikirani. Ndi pakamwa panu."

Rukiya adali ataima pakhomo la khitchini. "Adokotala, mundikhululukire," adatero. "Kuboma anthu ngati ife sitipita kukalankhula. Timapita kukaomba m'manja. Asiyeni bambo a Safiya akhale."

"Mayi, akapanda kulankhula iwo, chaka chamawa wina adulidwa mwendo, kapena timuika m'manda."

Kalilu adayang'ana ukonde umene udali pamiyendo pake. "Mukuti akandipatsa mpata ndilankhule?"

"Ndapangana nawo kale."

"Ndiye ndipita."

Tsikulo litafika Rukiya adamuchapira mkanjo woyera, koma bambo Lazaro adati ndi bwino avale buluku. Rukiya adapinda mwendo wa buluku wopanda kanthu uja nkuumanga ndi chingwe. Adatenga khadi la chipani nkumuikira m'thumba la shati, chifukwa masiku amenewo munthu wopanda khadi ngakhale mumsika sankalowa. Kenako adafunda nsalu yake nati nayenso akupita. Adakwera lole ya nsomba.

Holo ya paboma idali yodzaza. Kutsogolo kudali tebulo lalitali loyalidwa nsalu, pamwamba pake makapu a tiyi. Pakati padakhala dokotala wamkulu wochokera kulikulu, a Sailesi, munthu wowonda wa magalasi. Pambali pawo padali a Alufandika, tcheyamani wa chipani, amene adabwera ndi anyamata awo a yufi ataimirira kukhomo. Kumbuyo kudali anamwino, othandizira madokotala ochokera m'tizipatala tosiyanasiyana, ndi amayi a chipani atavala nsalu zofanana. Kalilu ndi mkazi wake adawakhazika pabenchi pafupi ndi zenera.

Oyamba kulankhula adali a Sailesi. Sadali munthu wopusa, ndipo Kalilu adazindikira zimenezo msanga. Adati madokotala m'dziko muno ndi ochepa, magazi opatsa odwala ndi ochepa, zida za opaleshoni ndi zochepa. Ukazimwaza m'tizipatala tonse, palibe kamene kangachiritse munthu. Ndi bwino kulimbitsa chipatala chimodzi paboma, ambulansi zonse zizikhala pamenepo pamene pali makaniko ndi mafuta, tizipatala ta kumudzi tizingopereka mapiritsi ndi katemera. Za malire a zigawo adati lamulolo silidabwere chabe. Chigawo chilichonse chimalandira mankhwala ake malinga ndi anthu ake. Apakati akayamba kukhamukira kumpoto, akumpoto adzasowa mankhwala, ndiye dandaulo lomweli lidzangosamukira kwina.

Bambo Lazaro adaimirira. Adati chipatala chabwino cha paboma sichithandiza munthu amene mtsinje wamutsekera njira. Bua amasefukira chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka anthu a ku Liwaladzi ndi ku Nkhunga amakhala ngati ali pachilumba. Ena mwa anzawo kumbuyo adang'ung'udza movomereza. Ena adatsutsa, amvekere ambulansi ikapita ku Nkhunga, nanga a kummwera kwa boma atani, kodi iwo sadwala? Mkangano udakula. Wina adati pamangidwe chipatala chachikulu china. Wina adafunsa kuti chimangidwe kwa yani.

Apa bambo Lazaro adatembenuka nkukodola Kalilu. "Bwana, ndabwera ndi umboni. A Kalilu, tabwerani kutsogolo kuno."

Kalilu adadzuka. Ndodo zake zidagogoda pasimenti. Adafika patebulo, nakonza kukhosi kuti ayambe.

"Tamasulani pamenepo awone," adatero bambo Lazaro.

Kalilu adawayang'ana. Sadamvetse.

"Bulukulo. Pindani awone."

Magazi adamukwera kumutu. Chibadwire iye sadavulepo ntchafu pamaso pa akazi a eni ake. Ngakhale panyanja, pokoka ukonde, ankamanga nsalu yofika m'mawondo. Adacheuka kuyang'ana Rukiya, Rukiya nkuweramitsa mutu. Koma adaganiza kuti mwina ndi mmene zimayambira, akaonetsa ndiye amulola kulankhula. Adatsamira tebulo, adamasula chingwe chija, napinda buluku mpaka chitsa cha mwendo chidaonekera, chakuda, cha zipsera za ulusi. Amayi ena kumbuyo adati, "Mayo!"

"Taonani, bwana," adatero bambo Lazaro. "Mwendo uwu ukanapulumuka ambulansi ikanakhala tsidya lathu."

A Sailesi adadzuka, adazungulira tebulo, nawerama. Adadina chipsera ndi cholembera chawo, uku ndi uku. "Anadula bwino," adatero. "Kwapola bwino kwambiri. Bambo Lazaro, mwandibweretsera umboni wanga. Mwendo uwu ukusonyeza kuti kachipatala kanu sikangathe bala lotere. Amene anapulumutsa moyo ndi opaleshoni ya paboma. Ndiye tilimbitse pati?"

"Koma bwana, mwendo uwu unachedwa!"

"Mwendo uwu unalumidwa ndi ng'ona. Ngakhale ukanafika tsiku lomwelo, sitikudziwa."

Adakangana choncho, wina kuloza, mnzake kuloza, chitsa chija chili pamtunda. Palibe adamuyang'ana Kalilu kumaso. Palibe adamuuza kuti aphimbe. Mwendo wotsala uja udayamba kunjenjemera ndi kutopa, thukuta likutsika mumsana.

Kenako a Alufandika adagogoda kapu ndi supuni. "Ine ndamva zonse," adatero osadzuka. "Za ambulansi akonze a kulikulu, ndiwo akudziwa. Koma zoti anthu athu azikagona kumpoto, ayi. Lero tiwatumizire odwala, mawa adzati Nkhunga ndi yawo. Ndipo sindikufuna munthu achoke muno ndi maganizo akuti boma silisamala anthu ake. Bambo uyu ali moyo. Wadya, wavala, wakwera galimoto kubwera kuno. Ndani anamupulumutsa? Iwe, tathokoza boma anthu amve, ukakhale pansi."

Apa ndi pamene Kalilu adaphulika. Adakweza ndodo imodzi nkuimenyetsa patebulo. Makapu adadumpha, tiyi nkutayikira pansalu ndi pamapepala a a Sailesi.

"Ndithokoze? Ndithokoze chiyani?" Mawu ake adali aja oitanira anzake patali panyanja, ndipo adadzaza holo yonse. "Mwendo wanga munaukwirira kuseri kwa chipatala, lero mwaufukula kuti mugawane! Uyu akuti ndi wake, uyu akuti ndi wake. Mwini wake ndili pano, mwandifunsa? Mwandivula pamaso pa akazi a anthu, pamaso pa mkazi wanga, ngati mbuzi ya pamsika!"

"A Kalilu, chonde," adanong'ona bambo Lazaro.

"Khalani chete inu! Munati ndidzalankhula, ndikulankhula. Ine ndinagona pabedi paja ndikumva wailesi. Galimoto ilipo, dalaivala alipo, koma mafuta ndi a chigawo china. Wallahi, ndinamva ndi makutu angawa! Ng'ona ija sinandifunse chigawo. Inangogwira. Inu ndi amene munafunsa. Mwendo ukuwola, ntchentche zikutera, mkazi wanga akuzikupiza ndi nsalu, inu mukufunafuna munthu amene wapita kumaliro. Kumpotoko kuli adani? Mchemwali wanga anakwatiwa komweko. Usipa wanga ankadya omwewo. Inu a tcheyamani, mwana wanu atagona pamene ndinagona ine, mukanafunsa kuti galimoto ndi ya kuti?"

Holo idazizira. Masiku amenewo munthu sankafunsa tcheyamani funso lotero.

A Alufandika adadzuka pang'onopang'ono. "Khadi lako lili kuti?"

Kalilu adalitulutsa m'thumba nkuliika patebulo, m'tiyi wotayika uja. "Ili. Tsiku lijanso ndinali nalo. Silinaitane galimoto."

Anyamata a yufi sadadikire kuuzidwa. Adamugwira m'manja monsemu, ndodo zidagwa, ndipo adamukoka kutuluka naye, buluku likadali chipindire. Rukiya adatola ndodozo nkuwathamangira akulira.

Adamusunga kupolisi mpaka dzuwa litapendeka. Rukiya adakhala panja pafumbi, akudziwa bwino kuti anthu ena amene adalowa pakhomo limenelo chifukwa cha pakamwa sadaonekenso kwa zaka. Madzulo kudafika galimoto, nkutsika a Sailesi. Adalowa, adalankhula ndi mkulu wa apolisi nthawi ndithu, kenako adamutulutsa Kalilu.

"Pitani kwanu," adatero wapolisi. "Adokotala atiuza kuti anthu odulidwa ziwalo mutu umasokonezeka. Sitimanga amisala. Koma mayi, muziwasunga pakhomo amuna anuwa."

Kalilu adatsegula pakamwa, Rukiya nkumutsina pamkono mwamphamvu. A Sailesi adamuyandikira nkulankhula motsitsa. "Bambo, panalibe njira ina yokutulutsirani. Pepani." Adakwera galimoto yawo nkumapita.

Kalilu adabwerera kwawo ndi mkazi wake. Pofika kumudzi nkhani idali itafika kale. Ena ankamuyang'ana mwaulemu, ena ankamulambalala poopa kuoneka naye, ndipo ana ankanong'onezana kuti a Kalilu apenga, adokotala a kulikulu atsimikiza. Chimenechi chidamuwawa kuposa kukokedwa kuja. Mawu onse amene adanena, amene adawasunga mumtima miyezi yonse ija, adasanduka mawu a wamisala.

Zotsatira za msonkhano zidamveka mwezi wotsatira. Ambulansi zonse zizikhala paboma. Za malire akaziunikanso kulikulu. Ndipo bambo Lazaro awasamutsira kutali kummwera, chifukwa chobweretsa chisokonezo pamsonkhano wa boma.

Adabwera kudzatsanzika katundu atamanga kale. Mkeka adaukana.

"Mwaononga zonse, a Kalilu," adatero ali chiimire. "A Sailesi anali atayamba kufewa. Mukanangonena mofatsa, ambulansi ija tikanapatsidwa. Tsopano ine ndikupita, ndipo sindikudziwa ngati atumize wina."

"Mofatsa? Munandipatsa mpata uti woti ndinene mofatsa? Munati mukanene ndi pakamwa panu. Pakamwa panga pali pantchafu?"

"Anthu aja samva mawu, amamva zoona ndi maso. Ndimachitira anthu a kuno."

"Ndiye mukanandiuza pano, pansi pa mango pano, kuti a Kalilu tikukakuvulani. Ndikanasankha ndekha. Mwina ndikanavomera. Koma munauza mkazi wanga kuti ndivale buluku, mukudziwa chimene mukufuna. Inu munandimanga bala, magazi munaletsa, sindidzaiwala. Koma tsiku lija munandiyesa chinthu, chimodzimodzi enawo."

Bambo Lazaro adatsamira njinga yawo. Maso awo adafiira. "Ndagwira ntchito kuno ndekha zaka zonsezi," adatero. "Ndatseka maso a anthu ambiri amene sanayenere kufa. Ndinatopa, a Kalilu. Ndinagwira chimene chinali pafupi." Adakankha njinga yawo nkumapita. Rukiya adawaperekeza mpaka pamsewu, koma Kalilu sadadzuke.

Kachipatala kaja adakatseka ndi loko. Mvula idayamba, Bua adasefukiranso.

M'mawa wina Bakari, msuweni wa Kalilu amene adali atangogula boti la injini, adafika akuthamanga. Mkazi wake Maimuna adali pa matenda a uchembere kuyambira dzulo lake, azamba alephera, mwana wagona mopingasa. Msewu wa kuboma wadukanso.

"Achimwene, ine ndasokonezeka, sindingathe kugwira injini," adatero Bakari. "Ndipo kumpoto sindikudziwa madoko ake. Inu mwayendako."

"Ndinyamuleni," adatero Kalilu.

Adamukhazika kumbuyo kwa boti, pamene sipafunika miyendo iwiri. Maimuna adamugoneka pamphasa pakati, Rukiya atamugwira mutu. Nyanja idali yabata pang'ono. Kalilu adaloza boti kumpoto, akutsata gombe, ndipo pamene adadutsa pamathiriro a mtsinje umene ndi malire a zigawo, sadauze munthu. Dzuwa lili pamutu adakocheza. Anthu a padoko, olankhula Chitonga, sadafunse zambiri. Adabweretsa machira nkuthandiza kunyamula mpaka kuchipatala.

Pakhomo la chipatala kalaliki adafunsa kumene achokera. Atamva kuti ku Nkhunga adayamba kupukusa mutu, amvekere pamafunika kalata yochokera kuchipatala cha kwawo.

"Chipatala cha kwathu chili ndi loko," adatero Kalilu. Adali atafika pambuyo, akupuma mwamphamvu pandodo zake. "Mayiyu tamugoneka pakhomo panu. Mukafuna kumubweza, mumunyamule nokha mukamuike m'boti, anthu onsewa akuona."

Nthawi yomweyo namwino wachikulire adatuluka, adayang'ana Maimuna kamodzi kokha, nkukuwira anzake kuti abweretse bedi la matayala. Adalowa naye.

Maimuna adapulumuka. Mwana adamutulutsa atafa kale. Namwino uja adauza Rukiya kuti akadafika dzulo lake, onse awiri akadakhala moyo.

Kuyambira pamenepo, dzinja lililonse, anthu a m'midzi ya kumeneko akadwalitsa kwambiri ankathamangira kwa Bakari kukapempha boti, ndi kwa Kalilu kuti akaliyendetse. Mphepo ikalola ankapita kuboma, ikakana ankapita kumpoto. Nyanja ikakalipa sankapita kulikonse, ndipo ena adafera pamchenga akudikira kuti mafunde atsike. A Alufandika adamva za maulendowo koma adangoti zochita za wamisala sazitsata.

Ku kachipatala kuja adadzatumiza munthu wina patapita nthawi yaitali, mnyamata wongomaliza kumene maphunziro. Sabata yake yoyamba adabwera kwa Kalilu mwaulemu, nati wamva mbiri yake, ndipo kuboma kukubweranso msonkhano wa zipatala, mwina angakonde kupita nawo. Kalilu adamuyang'ana mpaka mnyamatayo adasowa poika maso.

"Pitani nokha, adokotala," adatero. "Mukawauze kuti mafuta a injini ya boti atha, ndipo mvula yayandikira."